Bwana wanu akulira, koma penshoni yanu ili kuti?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito pa kampani yaing'ono ya za tekinoloje, izi timangoti ma startup. Dzina lake komanso la kampaniyo sinditchula. Akuti miyezi itatu tsopano akulandira theka la salale, penshoni ikudulidwa pa payslip mwezi ndi mwezi koma atakafunsa kumene imasungidwa anamuuza kuti palibe chalowa kuyambira chaka chatha. Mwini kampani ndi mnyamata amene anagulitsa galimoto yake kuti ayambe bizinesiyi, masiku ena amagona mu ofesi momwemo, ndipo pa miting'i yapitayi analira pamaso pa onse. Funso lake ndi ili: "Kodi ndikapita ku leba ndine woipa mtima? Munthuyu sikuti akudya ndalama, akuvutika zenizeni."

Achemwali, si inu oipa mtima ayi. Komanso sindikuuzani kuti bwana wanuyo akunama ndi misozi yake, ine ndikukhulupirira kuti akuvutikadi. Kuyendetsa bizinesi kuno sikophweka, kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023, forex ku banki ndi ya pamzere, ndiye ngati kampani yanu imalipira ma server kapena ma software ndi madola mungoona nokha mmene zinthu zinakwerera usiku umodzi, kwinaku ma investor, anthu oika ndalama zawo m'mabizinesi a ena, amene analonjeza ndalama angokhala chete osayankha ngakhale imelo. Munthu wotere amagona mochedwa, amadzuka mtima uli phaphapha, kunyumba akumufunsa zagalimoto ija, anzake akumuseka kuti ukanangolowa ntchito ku banki. Zimenezi ndi zoona ndipo mumumvere chisoni ndithu.

Koma pali chinthu chimene anthu amachisokoneza dala. Bwana wanu ali ndi ma share, kutanthauza gawo la umwini wa kampani, inu mulibe. Kampani ikadzayenda bwino, mwina kugulidwa ndi ina yaikulu, amene adzalemere ndi iyeyo, inu mudzapatsidwa zikomo ndi tisheti. Iye anasankha yekha kubetcha, ndipo ndi ufulu wake kubetcha galimoto yake, tulo take, ngakhale nyumba yake. Lendi yanu, fizi ya mwana wanu, penshoni yanu, izi si zake zoti abetchere. Akamakulipirani theka osakufunsani, osalemba paliponse kuti theka linalo adzabweza liti, ndiye kuti mwakhala investor wa kampaniyo mokakamizidwa, investor wopanda share, wopanda chiwongoladzanja, woti sanafunsidwe n'komwe.

Nkhani ya misozi imandikumbutsa za Vishal Garg, amene anayambitsa Better.com, kampani ya ngongole za nyumba ku America. Mu December 2021 anaitana antchito pafupifupi 900 pa Zoom ndikuwauza kuti ntchito yawathera pomwepo, Khirisimasi ili pafupi. Mmawu ake omwewo anayamba kudandaula za iye mwini, kuti aka nkachiwiri kuchita zotere ndipo ulendo woyamba analira. Taganizani, anthu 900 akumva kuti mawa alibe ntchito koma akuyenera kumvetsera za mtima wa bwana. Masiku omwewo kampaniyo inali itangopeza $750 miliyoni kuchokera kwa ma investor ake kuphatikizapo SoftBank, kampani ya ku Japan yoika ndalama m'mabizinesi, ndipo posakhalitsa Garg analemba pa intaneti kunena ena mwa ochotsedwawo kuti ankaba nthawi ya kampani pogwira maola awiri okha patsiku. Anthu atakwiya anapepesa, anapita kutchuthi, mu January 2022 anabwerera pa mpando wake. Ku WeWork nako, kampani ya ku America yochititsa lendi maofesi, mu 2019 Adam Neumann, mmodzi mwa amene anaiyambitsa, anachoka ndi phukusi lochokera ku SoftBank limene nyuzi zinati linkafika pafupifupi $1.7 biliyoni, mwezi wotsatira antchito 2,400 anachotsedwa, ambiri mwa iwo atadalira ma share amene anali atagwa mtengo.

Ndiye pali Brian Chesky, mkulu wa Airbnb, kampani yothandiza apaulendo kupeza nyumba zogona pa intaneti. Mu May 2020 Covid itaimitsa maulendo, bizinesi yawo inagwa pansi zenizeni, ndipo anachotsa anthu pafupifupi 1,900 mwa 7,500. Nayenso zinamuwawa ndipo ananena, koma kalata yake inadzadza ndi zinthu zogwirika: ku America aliyense alandira salale ya masabata 14 kuphatikiza sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene wagwira, inshulansi ya chipatala ipitilira miyezi 12, laputopu atenge ikhale yake, amene anali asanakwanitse chaka apatsidwebe ma share, ndipo kampani inatsegula tsamba lowathandiza kupeza ntchito kwina. Garg ndi Chesky onse awiri anachotsa anthu, onse awiri anati zikuwapweteka. Kusiyana kwake nkoti wina anaika ululu wake patsogolo pomwe mnzake anaika patsogolo anthu amene akupita kunyumba.

Mwina munena kuti Airbnb inali ndi ndalama zambiri, bwana wathu alibe. Ndi zoona, sindikuyembekezera kuti kakampani ka anthu khumi kapereke masabata 14. Koma pali zinthu zosafuna ndalama. Kunena chilungamo msanga sikufuna ndalama. Bwana amadziwa miyezi ingapo zinthu zisanafike poipa kuti mu akaunti mwatsala zingati, amaona yekha kuti investor uja wazizira, ndiye akasankha kukhala chete kumangoti "ndalama ikubwera sabata ya mawa" amakhala akukuberani nthawi yoti mukanayamba kuponya ma CV kwina. Ambiri amabisa poopa kuti antchito abwino athawa, ndipo mantha amenewo ndimawamvetsa, koma tanthauzo lake ndi loti wasankha kuti kampani ipulumuke inu mumire. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma amene mukusenza naye mumamuuza kulemera kwake kwa dengalo.

Ndipo mawu aja oti "pano ndife banja limodzi" muziwamva mosamala. Amakonda kutuluka nthawi yopempha kuti mugwire mpaka usiku popanda ovataimu, koma simuwamva nthawi yogawana ma share.

Zapenshoni ndiye ndikufuna mumve bwino, chifukwa apa sipofunika kukambirana zachisoni. Lamulo la penshoni kuno limati olemba ntchito aziika osachepera 10% ndipo wantchito azidulidwa osachepera 5%. Ija 5% yodulidwa pa payslip ndi ndalama yanu kale, munaigwirira ntchito, bwana amangokhala wopititsa. Akaidula ndikulipirira lendi ya ofesi kapena intaneti ndiye kuti wagwiritsa ntchito ndalama ya mwini wake popanda chilolezo, kaya analira kaya sanalire. Pa zonse mwalemba mu imelo yanu ichi ndi chimene chandipweteka kwambiri, chifukwa theka la salale mumaliona ndi maso tsiku lolandira, koma penshoni munthu amadzazindikira patapita zaka, kampani itatsekedwa kale, bwana atayamba ina yatsopano ndi dzina lina.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kukumana naye, makamaka muli awiri kapena atatu osati nokha. Mumuuze mwaulemu kuti mukumvetsa mmene zinthu zilili ndipo mukufuna kampani ipulumuke, kenako mupemphe kalata yosainidwa yonena ngongole yonse ya salale yanu, tsiku limene adzayambe kubweza, ndi tsiku limene penshoni yotsalira ilowe. Mumufunsenso mosabisa kuti ndalama zatsala za miyezi ingati, ndipo ngati iyeyo akudzilipira zingati panopa. Ngati akufuna muzipirira naye kwa nthawi yaitali, akupatseni ma share olembedwa papepala, zapakamwa ayi. Bwana amene akuvutika koma ndi wachilungamo zimenezi adzavomera ngakhale mwamanyazi, ena amapepukidwa kumene kuti nkhani yatuluka poyera. Akayamba zoti simukumukhulupirira, mulibe mtima wa timu, kapena kukukumbutsani kuti anakutolani mulibe ntchito, ndiye mwapeza yankho lanu.

Pakadali pano sungani kontrakiti yanu, ma payslip onse, ma statement aku banki, ndi ma meseji a pa WhatsApp amene amalonjeza malipiro, muzisunge pa foni kapena imelo yanu osati pa kompyuta ya ofesi. Akakana kulemba, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, iwo amaitana mbali zonse ziwiri kuti mukambirane, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya zantchito. Za penshoni mukhozanso kudandaula ku Reserve Bank chifukwa ndi amene amayang'anira gawo limeneli. Musachedwe nazo poti madandaulo a zantchito amakhala ndi malire a nthawi, ndipo kampani ikangotsekedwa kupeza ndalama yanu kumavuta kwambiri. CV yanunso muyambe kuitumiza sabata ino, musadikire kuti miting'iyo ichitike kaye.