Kuika otomatiki pa makina oumba mabuloko a haidiroliki

A Phiri, mwafunsa mmene mungachotsere ndodo yokoka ndi manja pa makina anu a mabuloko ku Kalingalinga mu Lusaka kuti silinda izitsika ndi kukwera yokha. Zimatheka ndithu. Ngati silinda ndi imodzi, PLC (kakompyuta koyendetsa makina) siyofunika. Marilei atatu, taima imodzi ndi maswichi awiri zikwana. Musanagule kanthu, lembani papepala zimene makinawo azichita motsatana: mwadina batani, silinda yatsika, yapanikiza, yadikira masekondi angapo, yakwera, yaima. Pa chilichonse mudzifunse kuti chidzauze makina kuti apa patha n'chiyani.

Kukwera sikuvuta, limit switch yapamwamba (swichi yogundidwa silinda ikafika pamapeto) imadula. Kutsika ndiye pofunika kuganiza. Mukaika limit switch pansi, mabuloko amatuluka ofanana msinkhu koma kulimba kumasiyana malinga ndi mmene anyamata athirira m'chikombole. Ine ndimakonda pressure switch, swichi yoyendera mphamvu ya mafuta, chifukwa imadikira mpaka mphamvu itakwanadi. Koma muitchere pa mphamvu yocheperapo kuposa ya relief valve, valavu yobweza mafuta m'thanki mphamvu ikapyola muyezo. Ngati relief imatseguka pa 150 bar, switch ikhale cha pa 130. Mukaitchera kupitirira relief, siidzadula n'komwe, mafuta azingodutsa pa relief n'kumatentha mpaka masilo kufewa.

Valavu gulani ya 4/3 (mabowo anayi, malo oima atatu) ya masolenoidi awiri (makoilo oikankha ndi magetsi) a 24V DC, yobwerera pakati ndi sipuling'i, ya tandem centre kuti pampu izibweza mafuta m'thanki silinda ikaima. Rilei yotsitsa idutse pa NC (kontakiti yolumikizika rilei ikakhala yozima) ya rilei yokweza, nayonso yokweza idutse pa NC ya yotsitsa, kuti makoilo awiriwa asayake limodzi. Pa koilo iliyonse ikanipo dayodi, apo ayi makontakiti a rilei apsa msanga.

Chimene chandilembetsa zambiri chonchi ndi magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba, mmene ankazimira maola ambirimbiri n'kubwera nthawi imene simukuyembekeza. Tayerekezani azima silinda ili pakati, mnyamata walowetsa dzanja kuti achotse simenti, kenako abwera. Silinda ya 100 mm pa 150 bar imakankha pafupifupi matani 12. Choncho Start ikhale batani lobwerera lokha, rilei izidzigwira ndi kontakiti yake, magetsi akazima iziwomboka, ndipo pasayende chilichonse mpaka munthu adinenso. Swichi yotembenuza yokhala pa ON musaiyese. Emergency stop ikhale ya NC, kuti waya ukaduka makina aime, ndipo idule makoilo ndi kontakita ya mota yomwe. Potsitsa ikani mabatani awiri otalikirana oti manja onse akhale pamenepo mpaka chikombole chitatsekeka. Anyamata amadandaula kuti zikuchedwetsa ntchito, ena amatsekereza batani limodzi ndi kamtengo, zimenezo musalole.

Muonjezere pilot check valve (yotsekera mafuta m'silinda ikaima) pa silindapo, chifukwa sipulu, chitsulo choyenda m'kati mwa valavu ya 4/3 ija, imadontha pang'onopang'ono ndipo mutu wolemera wopanikizira mabuloko umatsetsereka wokha. Pa mota ya 3 phase, pambali pa ovalodi, ikani phase failure relay, rilei yozimitsa mota mafezi akasokonekera: fezi imodzi ikasowa mota imapsa, zikasinthana pampu imazungulira chambuyo n'kuuma.

Nditumizireni chithunzi cha kachitsulo kolembedwa pa mota ndi pa pampu, ndione ma kW ndi malita pa mphindi, ndikuuzeni saizi ya valavu ndi kontakita.