Funsani Azakhali: Kodi keke ingapse popanda uvuni ku hositelo?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mtsikana wochokera ku Katete, ndipo ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina kuno ku Chipata. M'chipinda mwathu timagona anthu anayi, ndipo zophikira zomwe tili nazo ndi kasitovu ka magetsi ka mbale imodzi, mapoto awiri ndi ketulo basi. Mwezi wamawa mnzanga wa m'chipinda akumbukira tsiku lake lobadwa, ndiye ndikufuna kumuphikira keke ndi manja anga, popeza mtengo wa keke ya m'sitolo sindingaukwanitse. Sabata yatha ndinayesa. Ndinathira zosakaniza mu poto wodzoza mafuta n'kuteleka pa sitovu, koma pansi panapserera kuti bii, pakati panali phala lenileni, ndipo mbali yomwe inaoneka ngati yapsa inkamveka sopo m'kamwa. Anzanga akuti popanda uvuni ndisadzivute. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga magetsi akazima, ndingalowetse mbaula m'chipinda kuti ndimalizire kuphika?

Wophunzira, Chipata

Mwana wanga,

Anzakowo akulakwitsa, ndipo ukapita kwanu ku Katete ukafunse agogo ako ngati anali ndi uvuni pomwe ankaphika chikondamoyo ndi chigumu. Amayi anga ankayala tsamba la nthochi mu poto, kuthiramo zosakaniza, kuvundikira ndi kachidutswa ka malata, kenako n'kupalira makala ochepa pansi, ambiri n'kuika pamwamba pa kachidutswako. Ife ana tinkakhala chapatali, kudikira fungo, ndipo amene wayerekeza kukhudza chivundikiro ankathamangitsidwa. Uvuni ndi bokosi chabe losunga mpweya wotentha kuti uzungulire chakudya mbali zonse mofanana, ndipo poto wako wamkuluyo angathe kugwira ntchito imeneyi ngati utamukonza bwino.

Keke yako inapserera chifukwa unaiika pa moto mwachindunji. Mbale ya sitovu imatentha kwambiri kuposa madigiri 180 omwe keke zambiri zimafuna, ndipo kutentha konseko kumalowera pansi pokha, pamwamba pali pozizira. Choncho pansi pamasanduka khala pakati pasanayambe n'komwe kupsa. Chofunika ndi kuika china chake pakati pa moto ndi keke. Tenga poto wamkulu, makamaka wakale yemwe sungamudandaule akada, uthiremo mchenga wouma ndi wosefa bwino, wokwera ngati zala ziwiri. Mchere umagwiranso ntchito yomweyi, ndipo ungausunge m'chitini n'kumaugwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Vundikira potoyo, umutenthetse kwa mphindi khumi pa moto wapakati, kenako ukhazike poto wamng'ono kapena mbale yachitsulo ya zosakaniza zako pamwamba pa mchengawo, isakhudze m'mbali mwa poto wamkulu. Vundikiranso, uchepetse moto. Mchenga umagwira kutentha n'kumakupereka pang'onopang'ono, ndipo mpweya wa m'katimo ndi umene umapsetsa pamwamba. Ngati poto wako ndi uja wopakidwa zakuda m'kati kuti chakudya chisakakamire, usamugwiritse ntchito imeneyi, chifukwa zopakazo zimaonongeka zikatenthedwa popanda madzi kapena mafuta.

Za kukoma kwa sopo, wolakwa ndi soda. Ambiri amaganiza kuti akachulutsa soda keke ifufuma kwambiri, koma soda payekha safufumitsa bwino. Amafuna chinthu chowawasa, monga chambiko kapena madzi a mandimu, kuti atulutse mpweya umene umakweza keke. Soda amene wasowa chowawasa chokumana nacho amatsala momwemo, ndipo ndi amene unamumva m'kamwa uja. Amachititsanso keke kuoneka yachikasu moderako. Theka la supuni yaing'ono ya soda ndi lokwanira pa kapu imodzi ya chambiko. Baking powder ndi wosiyana, chifukwa chowawasacho chili kale m'kati mwake, ndipo muyeso wake ndi supuni yaing'ono imodzi pa kapu iliyonse ya ufa. Ngati ulibe chambiko, finyira supuni yaikulu ya madzi a mandimu mu kapu ya mkaka, udikire mphindi zisanu mpaka mkaka uyambe kudukaduka.

Langizo langa ndi lakuti usayambe ndi keke yofewa ya m'mabekale, ija imafuna kumenya majarini ndi shuga mpaka dzanja kuwawa. Yamba ndi chigumu cha nthochi, pakuti chimakhululuka zolakwa zambiri ndipo zofunika zake n'zotchipa. Upite ku msika wa Kapata chakumadzulo, ukafunse nthochi zomwe zapsa kwambiri mpaka khungu kuchita mawanga akuda, zija ogula ena amazikana. Zimenezo ndiye zabwino, chifukwa zimatsekemera kwambiri ndipo shuga wogula ulowa wochepa. Kanya nthochi zinayi ndi foloko, uswere dzira limodzi, uthire masupuni aakulu anayi a mafuta ophikira, masupuni atatu a shuga ndi theka la kapu ya chambiko. Mu mbale ina sakaniza kapu imodzi ya mgaiwa wosefa, kapu imodzi ya fulawa, masupuni aang'ono awiri a baking powder, kasoda kotapa kunsonga kwa supuni yaing'ono ndi kamchere pang'ono. Ukaphatikiza zouma ndi zamadzi, takasa mpaka ufa usaonekenso, pomwepo usiye. Fulawa akatakasidwa nthawi yaitali amayamba kunyumbwira, ndipo keke imatuluka yolimba ngati mphira. Chigumu chakumudzi chimaphikidwa ndi mgaiwa wokhawokha, koma ine ndimaonjeza fulawa chifukwa amagwirizanitsa zinthu kuti zisanyenyeke podula, ndipo pa tsiku lobadwa ufuna magawo ooneka bwino.

Zosakanizazo zisapitirire theka la mbale yophikiramo, ndipo mbaleyo ikhale yotakata, osati yakuya, popeza keke yokhuthala kwambiri ndi imene imatsala yaiwisi pakati. Dzoza mafuta, uwaze kafulawa, kapena uyale tsamba la nthochi lowaula pa moto monga ankachitira amayi anga. Tsambalo limaperekanso kafungo komwe pepala silingapereke.

Tsopano pali chinthu chimodzi chomwe chimavuta aliyense woyamba kumene, ndicho kusunga manja. Kwa mphindi 30 zoyambirira usavundukule, ngakhale mtima ukuuze bwanji. Ukatsegula, mpweya wotentha wonse umathawa, ndipo keke yomwe inali kukwera imaphwa pakati osadzukanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khulupirira mphuno yako: fungo la nthochi yowotcha likuuza kuti zikuyenda, koma fungo lopserera likuuza kuti uchepetse moto. Nthawi zambiri chigumu cha muyeso umenewu chimapsa pakati pa mphindi 45 ndi ola limodzi, malinga ndi sitovu yako. Baya mpeni woyera pakati penipeni, ndipo ukatuluka wopanda phala, phula. Uchisiye chizizire kwa mphindi khumi usanachigudubuzire pa mbale.

Pali njira inanso imene ndimaikonda kwa anthu a sitovu zosamvera, zija zimangodziwa kutentha kwambiri kapena kuzima. M'malo mwa mchenga thira madzi pang'ono mu poto wamkulu, uike timiyala titatu kapena kambale kovundikira pansi, n'kukhazika mbale ya keke pamwamba kuti iphikidwe ndi nthunzi. Kuno ku Chipata, komwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike n'komwe madigiri 100, choncho keke ya nthunzi singapserere malinga ngati madzi sanaphwere. Kulunga chivundikiro ndi kansalu koyera kuti madontho asagwere pa keke, koma nsonga za nsaluyo uzimange pamwamba, zisalendewere kufupi ndi moto. Keke imeneyi simafiira pamwamba, koma imakhala yofewa ndi yonyowerera bwino.

Zopaka pamwamba usavutike nazo. Dera lathu lino ndi kwawo kwa mtedza, ndipo chiponde chosakaniza ndi majarini pang'ono ndi shuga wosalala wa icing chimagwirizana kwambiri ndi nthochi. Ngati ukazinga ndi kusinja mtedza wako wekha, yamba wausankha, utaye wonse wofota, wobooka ndi wachuku. Chuku cha mtedza chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo moto wa kukazinga kapena kuphika sumuthetsa.

Funso lako lomaliza ndilo landikhudza kwambiri, ndipo ndikuyankha mosapita m'mbali: mbaula isalowe m'chipinda chogona, ngakhale kwa mphindi zochepa, ngakhale zenera lili lotsegula pang'ono. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Mpweyawu umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo amene wagona sadzukanso. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi timamva za anthu omwe apezeka atafa m'nyumba zotseka chifukwa cha mbaula, ndipo m'chipinda mwanu muli miyoyo inayi. Ndikudziwa kuti kuzima kwa magetsi kunativutitsa tonse, makamaka mu 2024 pomwe chilala chinachepetsa madzi m'damu la Kariba lomwe amapangira magetsi, ndipo ambiri tinabwerera ku makala. Ngati malamulo a hositelo yanu amalola mbaula, kaphikire panja, pabwalo, ndipo pamenepo ndiye utsate njira ya agogo: makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Ufunsenso oyang'anira hositelo ngati sitovu yako ndi yololedwa m'chipinda. Kasitovu kotero kamakoka mawati 1,000 kapena kuposerapo, ndipo kakalumikizidwa pa adaputa imodzi ndi ketulo ndi ayironi, nthambo zimatentha mpaka kusungunuka. Kalumikize pa soketi ya pakhoma, kutali ndi makatani ndi neti ya udzudzu, ndipo usatuluke m'chipinda keke ili pa moto.

Uyese kawiri tsiku lobadwalo lisanafike, ndipo ulembe pa kapepala nambala ya moto yomwe unaika ndi mphindi zomwe zinapita, chifukwa sitovu iliyonse ili ndi khalidwe lake.

Okondedwa Azakhali,

Ndine mnyamata wa ku Lundazi, ndikuphunzira za uphunzitsi. Ndimaphika chikondamoyo n'kumagulitsa kwa anzanga a mu hositelo kuti ndizipeza ya sopo ndi ya intaneti. Chimayenda malonda, koma mwezi ukatha sindiona phindu, ndipo nyengo yotentha chotsala chimayamba kunanda ndi kununkha chikangogona masiku awiri. Ndichite bwanji?

Mphunzitsi wamawa, Chipata

Mwana wanga,

Ndakondwa kuona mnyamata amene sachita manyazi ndi poto. Ndikuganiza kuti phindu lako likuthera m'malo awiri. Poyamba, ambiri amawerengera ufa ndi shuga wokha, n'kuiwala mafuta, mazira, makala, timapepala tokulungira ndi ndalama ya njinga yopitira ku msika. Khala pansi tsiku limodzi, ulembe mtengo wa chilichonse cholowa mu poto mmodzi, ugawe ndi chiwerengero cha magawo omwe umadula, ndipo udziwa ngati mtengo wako uli pamwamba kapena pansi pa zomwe waononga. Udule magawo ofanana nthawi zonse, chifukwa dzanja limakonda kulemera pamene wogula ndi mnzako. Kachiwiri ndi ngongole. Mu hositelo aliyense ndi m'bale, aliyense alipira "ndalama zikalowa", ndipo iwe umachita manyazi kukumbutsa munthu yemwe ukhala naye m'kalasi mawa. Uwauze poyera kuti ngongole palibe, ndipo amene alibe ndalama m'thumba atumize pa foni pomwepo.

Za kuonongeka, chikondamoyo chili ndi chinyezi chambiri, ndipo m'kutentha kwa Okutobala sichingakhale nthawi yaitali popanda firiji. Chimanandacho ndi chizindikiro chakuti tizilombo tayamba kale ntchito m'kati, ndipo choterocho usagulitse kapena kudya, ngakhale utachitenthetsanso. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuchikulunga mu pulasitiki chikadali chotentha: nthunzi imasanduka madzi m'katimo, ndipo ndi pomwe kuola kumayambira. Chisiye chizizire ndithu pa malo opita mphepo, utachiphimba ndi kansalu koyera poteteza ntchentche, kenako uchiike mu chidebe chotsuka ndi chouma. Koposa zonse, phika chomwe ungagulitse tsiku lomwelo. Ngati poto mmodzi amatha ndipo wachiwiri amagona, wachiwiriyo ndiye akudya phindu la woyamba. M'miyezi yotentha ungasinthenso n'kumaphika mabisiketi a mbatata kapena a nsinjiro, omwe ndi ouma ndipo amakhala masiku angapo mu chitini chotseka bwino. Sabata ya mayeso uwauziretu makasitomala ako kuti sitovu yapuma, ndipo udzayatsenso ukalemba pepala lomaliza.