Squat yakwera koma kulumpha kwakana

Imelo yanu, achimwene, ndaiwerenga katatu. Mukuti squat (kunjuta ndi kuimirira mutasenza chitsulo pamapewa) yakwera ndithu koma pabwalo mukulumpha monga kale, ndiye mukufunsa ngati muyambe snatch (kukweza chitsulo kuchoka pansi mpaka pamwamba pa mutu kamodzin'kamodzi) ndi clean (kuchikweza mwaliwiro kuchoka pansi mpaka pamapewa). Yandikhudza chifukwa dzenje limeneli ndinagweramo ine.

Ndinatha zaka zitatu ndikungothamangira kulemera. Sabata iliyonse ndinkafuna kuwonjezera kachitsulo kena pa barbell, ndodo yachitsulo yonyamulira ija, mpaka squat inafika makilogalamu 150. Tsiku lina tikusewera volleyball, mnyamata wina woonda, woti sakananyamula ngakhale theka la zitsulo zanga, ankandiposa pa neti ulendo uliwonse. Ine ndikamati ndinyamuke, iye ali kale m'mwamba. Zinandiwawa kwambiri. Mawa lake ndinayamba clean ndekha, mphunzitsi wanga ali mavidiyo, ndipo ndinaika zitsulo zolingana ndi squat yanga osati ndi luso langa, poti lusolo panalibe. Sabata yachitatu zigongono zinachedwa kutembenuka, chitsulo chonse chinatera pamfundo ya dzanja, ndinabinya. Miyezi iwiri osagwira barbell. M'miyezi imeneyo ndi momwe ndinakhala pansi n'kumvetsa chimene ndinkasowa.

Mphamvu ndi kuchuluka kwa zimene minofu ingakankhe mukaipatsa nthawi yonse imene ikufuna. Squat yolemera imakudikirani, mutha kulimbana nayo masekondi atatu mpaka mutaimirira. Bwalo silidikira. Phazi la wothamanga mamita 100 limakhala pansi pafupifupi sekondi 0.1, pomwe minofu imafuna masekondi 0.3 kapena kuposera kuti itulutse mphamvu zake zonse. Choncho chimene chimakunyamulani ndi mphamvu imene yatuluka m'kanthawi kameneko, yotsalayo mumabwerera nayo kunyumba osaigwiritsa ntchito. Ichi ndiye anthu a ku jimu amachitcha power: mphamvu kuchulukitsa ndi liwiro. Snatch ndi clean zimaphunzitsa ubongo kudzutsa msanga minofu yofulumira, chiuno, mawondo ndi akakolo zikuwongoka nthawi imodzi, monga zimachitira munthu akamalumpha.

Ndimakonda kuonera Naim Süleymanoğlu, katswiri wonyamula zitsulo wa ku Turkey, pa Olympics ya ku Seoul mu 1988. Munthu wa m'gulu la makilogalamu 60, wamfupi zedi, anakweza makilogalamu 190 pa clean and jerk (clean yotsatana ndi kukankhira chitsulo pamwamba pa mutu), kuposa katatu kulemera kwa thupi lake. Chitsulo chotero simungachikoke pang'onopang'ono ndi mikono. Mumachiponya ndi miyendo n'kulowa pansi pake chisanagwe. Paja kale kunali kanyamulidwe kachitatu, ka press, kokankha chitsulo ndi mikono, koma anakachotsa itatha Olympics ya 1972 chifukwa onyamula ankapendekera chagada kwambiri moti oweruza ankavutika kugamula. Zotsala ziwirizo, snatch ndi clean and jerk, zonse ndi zaliwiro.

Koma apa ndiyankhule molimba. Akatswiri ambiri onyamula zitsulo amachita squat yolemera pafupifupi tsiku lililonse. Munthu wopanda mphamvu alibe choti atulutse msanga. Ngati squat yanu sinapitirire kulemera kwa thupi lanu, njira yachidule yolumphira m'mwamba kwambiri ndi squat yomweyo, musataye nthawi. Ndipo chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi aphunzitsi amene amauza ongoyamba kumene kuti achite clean maulendo 20 kapena 30 mopikisana ndi wotchi. Ayi ndithu! Munthu akatopa liwiro limatsika, msana umapindika, ndiye akuphunzitsa thupi kuchita pang'onopang'ono chinthu chimene phindu lake lonse lili paliwiro. Akamaliza ali wefuwefu amaganiza kuti wagwira ntchito yaikulu. Wangotopa basi, ndipo ena amavulala ngati ine.

Nanga snatch ndi yofunika kwa aliyense?

Ayi. Ngati simukufuna kupikisana pa masewera onyamula zitsulo, mutha kupeza zambiri mwa zimenezi popanda kugwira chitsulo pamwamba pa mutu. Yuri Verkhoshansky, katswiri wa sayansi ya masewera wa ku Soviet Union, anatchuka ndi njira yotsika pabokosi n'kulumpha nthawi yomweyo phazi likangogunda pansi, ngakhale imeneyi si ya ongoyamba. Kulumpha wamba, kuthamanga mamita ochepa ndi liwiro lonse, kuponya mpira wolemera, zonsezi zimathandiza. Snatch ndimaikonda, koma imafuna mapewa ndi akakolo omasuka komanso miyezi yambiri pansi pa diso la munthu wodziwa.

Ndiye kwa inu, achimwene: squat musaisiye. Kawiri pasabata, mukatenthetsa thupi, yambani ndi zaliwiro musanatope. Hang power clean (clean yoyambira chitsulo chili kale m'manja cha m'mawondo, n'kuchilandira osanjuta kwambiri) kapena kulumpha, maulendo 2 kapena 3 pa seti (gawo limodzi losapumira), maseti 4 kapena 5, kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu. Mukaona chitsulo chayamba kukwera mochedwa, lekani tsiku limenelo. Yambani ndi barbell yopanda kanthu ya makilogalamu 20, ndipo wina wodziwa aziyang'ana zigongono zanu.