Yankho: Kodi mikanda ingationetse bwanji ubale wa anthu akalekale?

Achemwali, mwafunsa kuti timikanda ta zigoba za mazira a nthiwatiwa tingaulule bwanji kuti makolo akale ankayenderana. Chinsinsi chili pa kukula kwake, chifukwa munthu amasema mkanda momwe anaphunzirira kwa anzake.

Mu 2021, Jennifer Miller ndi Yiming Wang anayeza mikanda yoposa 1,500 yochokera kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Anapeza kuti zaka 50,000 mpaka 33,000 zapitazo, mikanda ya madera awiriwa inkafanana kwambiri, ngakhale ali motalikirana makilomita oposa 3,000. Kenako ya kum'mwera inasowa, n'kudzaonekanso zaka 19,000 zapitazo ili yaing'onoing'ono. Ofufuzawa akuganiza kuti nyengo itasintha, chigwa cha Zambezi chinkasefukira n'kudula njira.

Koma chimene chimandikhudza mtima ine ndi cha ku Lesotho. Kumapiri kumeneko nthiwatiwa sizikhalako, komabe mikanda yake inapezeka m'mapanga a Melikane ndi Sehonghong. Ofufuza ena atayeza strontium wa m'zigobazo, mchere wa m'nthaka umene umasonyeza dera limene nthiwatiwayo inkadya, anaona kuti zina zinachokera kutali makilomita mazanamazana. Zikuoneka kuti inkadutsa m'manja ambiri ngati mphatso, monga amachitira anthu a mtundu wa Ju/'hoansi ku chipululu cha Kalahari pa mwambo wa hxaro, kuti chilala chikavuta ukhale ndi kothawira.