Malasha a ku Kam'mwamba: yankho kwa mayi wa chigayo ku Bangula

Mayi wina amene ali ndi chigayo ku Bangula wandilembera pa imelo kuti: "Takhala tikumva za siteshoni yopangira magetsi ndi malasha ku Kam'mwamba, akuti ya mamegawati 300. Amenewa ndi magetsi ochuluka bwanji? Mwana wanga akuti utsi wake udzatiwonjezera madzi osefukira. Kodi n'zoona?"

Mayi, tiyerekeze ndi chimene mukuchidziwa kale. Kapichira, kwathu konkuno ku Chikwawa, amapanga mamegawati pafupifupi 130. Namondwe Ana atagumula damu lake mu Januwale 2022, mukukumbukira mmene anthu ankagonera pachigayo ndi matumba a chimanga kudikira magetsi, mpaka makina anayambanso mu 2023. Imene anakonza zoti amange ku Kam'mwamba, m'boma la Neno, ndi yoposa ma Kapichira awiri. Ndiye munthu akamailakalaka sindimudabwa. Koma 300 ameneyo ndi malire a mphamvu ya makina, ngati nambala yolembedwa pa mota ya chigayo chanu. Pali masiku okonza, palinso masiku amene malasha sanafike.

Tsono za utsi. Chimene mwana wanu akunena si utsi wakuda uja wooneka ndi maso, koma mpweya wa kaboni, umene suoneka ndipo umasunga kutentha mumlengalenga. Malasha akamayaka amasakanikirana ndi mpweya umene timapumawu, n'chifukwa chake tani imodzi ya malasha imatulutsa matani oposa awiri a mpweya wa kaboni. Yuniti iliyonse imene mumagula pa mita, ikachokera ku malasha, yasiya pafupifupi kilogalamu imodzi kumwamba. Ndawerengera ndekha: siteshoniyo itamayenda masiku 7 pa masiku 10 alionse, pachaka ingapange mayunitsi pafupifupi 1.8 biliyoni, ndiye kuti matani pafupifupi 1.8 miliyoni a mpweyawo.

N'zambiri kwa ife. Koma dziko lonse lapansi limatulutsa matani oposa 35 biliyoni pachaka. Kukuuzani kuti Kam'mwamba payekha angamize Makhanga kungakhale kukunamizani. Madzi a 2015, Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 anabwera siteshoniyo kulibe. Pamene mwana wanu walondola m'pakuti nyanja zikamatentha anamondwe amasenza mvula yambiri, ndipo mvula ikagwa ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Mwanza, Ruo ndi Shire amaitula kwa ife.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine chili pafupi kuposa pamenepo. Siteshoni ya malasha imamwa madzi ambiri oziziritsira makina, ndipo imasiya milu ya phulusa lokhala ndi poizoni ngati mekyule. Neno ali kumtunda kwathu. Dziwe la phulusa litasefukira tsiku la namondwe, madziwo adzatsika ndi Shire yemweyo amene timathirira madimba, kumwetsa ng'ombe ndi kuphamo nsomba ku Elephant Marsh. Komanso malasha ake anayenera kuchokera ku Moatize, ku Mozambique, pa sitima ya pamtunda, ogula ndi ndalama zakunja zomwe zija zimatisowa pamafuta mpaka kugona pamzere.

Ntchitoyi inkadalira ngongole ya ku China, koma mu Seputembala 2021 mtsogoleri wa dzikolo, Xi Jinping, analengeza ku United Nations kuti dziko lake lasiya kumanga masiteshoni atsopano a malasha kunja. Pakadali pano magetsi a dzuwa akulowa kale, mamegawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti. Ine mtima wanga uli kumeneko, chifukwa dzuwa limene limatiwotcha ku Ngabu mu Okutobala silifuna sitima.

Chimodzi chokha muchisunge, mayi. Pansi pa Lengwe ndi Mwabvi palinso malasha. Tsiku limene wina adzabwere kwa mfumu ndi mapepala, mukakhale nawo pabwalopo, mukafunse kuti madzi adzatunga kuti, ndipo phulusa adzalitaya kuti.