Nyambo yanu ilibe mlandu, achimwene

Achimwene a ku Balaka amene mwafunsa za damu la kwanu, ndawerenga zonse. Mwati kuyambira Malichi mpaka Ogasiti mumabwerera kunyumba ndi makumba okwanira ndiwo za masiku awiri, koma chilowereni Okutobala mbedza ikungogona m'madzi. Mukulawirira tambala woyamba, mukuponya pakuya pomwe mumaponya kale, mwasiya nyongolotsi n'kuyesa nsima, mwafika powaza chidebe chathunthu cha madeya, koma zii. Chokupwetekani mtima n'chakuti nsombazo mukuziona ndi maso m'mamawa, zitadzaza pamwamba pa madzi, kukamwa yasa yasa. Ndiye mukufunsa kuti mugule nyambo yanji. Anzathu ena akutumizani kale kusitolo. Ine ndikuti ndalamayo isungeni kaye. Nsomba mukuzionazo sizikufuna chakudya, zikubanika.

Nsomba imapuma ngati ife, kungoti mpweya wake wa okosijeni imautapa m'madzi akamadutsa m'makha. Mpweya wa m'madziwo ndi wochepa zedi. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20, atakhuta mpweya mpaka malekezero, imasunga mamiligalamu 9 okha. Madzi omwewo akafika madigiri 30 amasunga 7 ndi theka. Mpweya womwe tikupuma ife panopa uli ndi okosijeni wochuluka kuposa pamenepo kuwirikiza ka 30. Mukateleka madzi a nsima, yang'anani timathovu ting'onoting'ono timene timaoneka pansi pa poto madzi asanawire: umenewo ndi mpweya ukuthawa kutentha. Damu lanu likuchita zomwezo, pang'onopang'ono.

Pomwe mpweya ukuchepa chonchi, thupi la nsomba likuufuna kwambiri, chifukwa limatentha motsatira madzi. Madzi akakwera ndi madigiri 10, nsomba imafuna mpweya pafupifupi kuwirikiza kawiri. Onjezanipo kuti damu laphwera, nsomba zimene zinali mbalambanda mu Meyi tsopano zapanikizana pa theka la madziwo, ng'ombe zikumwera pomwepo n'kusiyamo ndowe. Nkhokwe yachepa, odya achuluka, aliyense ali ndi njala yoposa kale. Ndipo kugaya chakudya nako kumadya mpweya, n'chifukwa chake nsomba yobanika imayamba yasiya kudya. Makumba ndi chilunguni ndi nsomba zopirira, kutentha kwa madigiri 28 kapena 30 zimakukonda ndithu, koma mpweya ukatsika kufika cha m'mamiligalamu 2 kapena 3 pa lita zimanyanyala chakudya, ukatsikirabe zimakwera pamwamba kukayamwa kamadzi kopyapyala kamene kakhudzana ndi mphepo. Kuyasama mukuonako n'kumeneko. Munthu wopuma wefuwefu simumupatsa mbale ya nsima.

Tsopano chimene chandigwira kwambiri m'funso lanu ndi kulawirira. Tonsefe tinakula tikumva kuti nsomba imadya m'bandakucha, ndipo pa mtsinje woyenda n'zoona. Pa damu losayenda, la madzi obiriwira, nyengo ino, m'bandakucha ndiye nthawi yoipitsitsa pa tsiku lonse. Kubiriwira kwa madziko ndi ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso. Dzuwa likamawala, nderezo zimatulutsa mpweya m'madzi monga amachitira masamba a mtengo, ndipo pofika 2 kapena 3 koloko masana madzi amakhala atakhuta. Dzuwa likalowa zimasiya kupanga, n'kuyamba kudya mpweya womwe uja pamodzi ndi nsomba, achule, ndi tizilombo towoletsa zinyalala za pansi. Usiku wonse nkhokwe ikungotapidwa popanda wothiramo. Inu mukufika 4 koloko m'mawa, pamene yatsala mbee.

Ndiye gonani, achimwene. Pitani kudimba m'mawa, kudamu mufike dzuwa litakwera. Nsomba zikachoka pamwamba paja, zipatseni maola awiri kapena atatu kuti zitsitsimuke. Kwa ine nyengo ino makumba amadya bwino kuyambira cha m'ma 10 koloko, kenaka amadzadyanso mwamphamvu kuyambira 3 koloko mpaka dzuwa kulowa. Inde, dzuwa la ku Balaka la Okutobala silinamizira, tengani chipewa ndi chigubu cha madzi akumwa, mupeze mthunzi.

Chachiwiri ndi malo oponya. Mwaganiza kuti kukatentha nsomba imathawira pakuya pozizira, ndipo maganizowo si opusa. Koma funsani anyamata amene amasambira m'damumo. Akuuzani kuti ukaima m'madzi ofika m'khosi, pachifuwa pamafunda ngati madzi osamba, kumapazi kuli zii kuzizira. Madzi otentha ndi opepuka, amakhala pamwamba. Ozizira ndi olemera, amatsalira pansi, ndipo kukakhala bata awiriwa sasakanikirana. Apansiwo sakumana ndi mphepo, dzuwa siliwafika bwino, pomwe masamba, ndowe ndi ndere zakufa zonse zimagwera komweko n'kumawola. Pakapita masabata angapo mpweya wa kumeneko umatheratu. Nsomba ikasankha pakati pa kuzizira ndi kupuma, imasankha kupuma.

Mutha kudziyesera nokha popanda makina. Ponyani chingwe chokhala ndi kachitsulo pakuya panu paja, chifike pansi, mukoke. Thope likabwera lakuda bii, lonunkha ngati dzira lowola, dziwani kuti kumeneko kulibe mpweya. Nyongolotsi yanu ikakhala kumeneko kwa kanthawi imabwera yoyezuka, yolobodoka, yosagundidwa ndi kanthu. Mwakhala mukuponya m'nyumba yosamukamo anthu. Kwezani nyambo, ilendewere theka la mita kapena mita imodzi kuchokera pamwamba, musunthe pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene zikudyera. Mukapeza, musasinthenso utali wa chingwe tsiku limenelo.

Zimenezi si za madamu okha. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 200 ndi kanthu kupita pansi kulibe mpweya chaka chonse, ndipo nsomba sizikhalako. Usipa, chambo, utaka, kampango, ngakhale ndunduma zokonda kuya zija, zonse zili m'gawo la pamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti kunyanja gawo la pamwambalo ndi lalikulu ndipo mafunde amalitakasa, kotero asodzi a ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay sadandaula zomwe mukudandaula inuzi. Damu lanu gawo lopumira likhoza kukhala mita imodzi yokha.

Mukadziwa kuti mukusaka mpweya, malo ena onse amadzionetsa okha. Ngati kakadalipo kamtsinje kapena kasupe wothira m'damu, ngakhale kongodontha, yambani pamenepo. Kukamawomba mphepo, pitani kumbali imene mafunde akumenya, ngakhale kuponya kumavuta chifukwa mphepo ili kumaso. Mafunde amalowetsa mpweya ndipo amakankhira tizakudya kugombe lomwelo. Ambirife timathawira kumbali ya bata kuti tikhale bwino ife, osati nsomba. M'mphepete mwa bango ndi udzu wa m'madzi ndi mwabwino masana, koma osati m'kati mwa chiyangoyango. Ndipo pamene namasupuni waphimba madzi ngati mphasa, monga timaonera m'malo ena a Shire, pansi pake pamakhala mdima ndi mpweya wochepa. Ponyani m'mbali mwake.

Madeya aja ndiye musiyiretu. Chidebe chathunthu chimene nsomba sizinadye chapita pansi, chikuwola, chikulanda mpweya womwe ukusowa kalewo. Ngati mukufuna kuitana nsomba, dzanja limodzi ndi lokwanira, ndipo muwaze masana pamene zikudya.

Pamenepa ndikuyankhula ngati munthu amene anapsapo. Ndili ndi kadamu kanga koweta makumba, mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi. Chaka china mu Okutobala ndinaona kuti nsomba zikuchedwa kukula, ndiye ndinakhuthuliramo mawilibala awiri a manyowa a nkhuku tsiku limodzi, mwadyera. Madzi anabiriwira mpaka kuchita ngati phala. Kenaka kunachita mitambo masiku awiri, kuli chinyontho chotentha, kopanda ndi kamphepo komwe, usiku wake kunagwa chizimalupsa. M'mawa mwana wanga ndiye anabwera akuthamanga kudzandidzutsa. Ndinapeza pamwamba pa damu pali timilomo tokhatokha, tikutsekuka n'kutsekeka, phokoso lake ngati mvula yowaza pa tsindwi la udzu. Ndinawomba m'manja, sizinathawe n'komwe. M'mbali munali zikuluzikulu zimene ndimasungira Khirisimasi, mimba zili m'mwamba, mbuu. Tinalowamo ndi zidebe, kutunga madzi n'kumawaponya m'mwamba kuti agwe ngati mvula, ena akumenya madzi ndi nsungwi, mpaka dzuwa litakwera. Zing'onozing'ono zambiri zinapulumuka. Zazikulu tinagawira anansi, zotsala tinawamba. Alangizi a za nsomba atabwera sanachulutse mawu. Anapinda malaya, n'kuviika mkono m'madzi: chikhatho chinasowa chigongono chisananyowe. Anati madzi abwino ndi amene chikhatho chimayamba kubisika mkono utalowa mpaka m'chigongono; chikabisika msanga kuposa pamenepo, leka manyowa, chepetsa chakudya, lowetsa madzi atsopano. Kayezedwe kameneka kayeseninso pa damu lanulo, kakuuzani ngati usiku nsomba zikuvutika.

Ndatchula chizimalupsa dala, chifukwa chili pafupi. Mvula yoyamba imagwa yozizira, imaziziritsa madzi a pamwamba, ndiye amalemera n'kumira, ndipo madzi owola apansi aja amasakanikirana ndi damu lonse nthawi imodzi. Imakokololanso phulusa la lupsa, ndowe ndi zinyalala zonse za chilimwe n'kuzithira momwemo. Tsiku lotsatira mutha kupeza nsomba zitafa mbwee popanda wothira kanthu. Anthu amathamangira kunena kuti wina wathira katupe kapena mankhwala a kudimba, ndipo ndaonapo anansi akudana pa nkhani yotere. Musanaloze munthu chala, yang'anani bwino. Likakhala vuto la mpweya, zimayamba kufa ndi zikuluzikulu, zimafa usiku kapena m'mamawa, dzuwa likakwera zotsala zimatsitsimuka, ndipo achule ndi milamba amakhala ali bwinobwino. Akakhala mankhwala, zing'onozing'ono ndiye zimatsogola, zimafa nthawi ina iliyonse ngakhale masana, zimasambira mozungulirazungulira ngati zaledzera, ndipo tizilombo ta m'madzi timafera limodzi. Zoterezo musadye, ndipo ana asatole. Ngakhale zofa ndi kusowa mpweya, tengani zokhazo zimene zikadapuma kapena makha ake akadali ofiira.

Mlamba ndiye bwenzi lanu nyengo ino. Uli ndi chiwalo m'mutu, pamwamba pa makha, chopumira mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umakhala wamoyo nthawi yaitali m'dengu ndipo umapirira m'thope pomwe nsomba zina zatha. Mukamva phwa! pamwamba pa madzi madzulo, n'kuona kathovu kakutsalira, ndi umenewo wakwera kudzatapa mpweya. Nyanja ya Chilwa, imene ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mlamba ndi imodzi mwa nsomba zimene zimapulumukira m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, n'kudzabwerera madzi akadzaza. Ndiye ngati cholinga ndi ndiwo basi, mangani mbedza yokulirapo ndi chingwe cholimba, nyambo ikhale matumbo a nkhuku kapena nyongolotsi zambiri pamodzi, muponye chakumadzulo mpaka kamdima, m'mbali mosaya pafupi ndi bango. Ena amaunyoza mlamba, ati ndi nsomba ya m'matope. Aleke, sanaudyepo wowamba bwino wothira tomato ndi nsinjiro.

Ngati muli ndi njinga ndipo mungafike ku mtsinje woyenda, kumeneko malamulo ndi ena. Madzi othamanga pamiyala amadzitengera okha mpweya, choncho ponyani kumunsi kwa pamene akuchita thovu, pomwe akuyamba kudekha, ndipo kulawirira kwanu kuja kukupindulirani. Koma pa Shire, makamaka chakufupi ndi Liwonde, musaime m'madzi kapena kukhala malo amodzi m'mphepete mpaka mdima. Ng'ona za kumeneko si nthano.

Kanthu kena kamene kangachepetse makumba pa mbedza miyezi ino n'kuswana. Yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo nthawi imeneyo sidya kwenikweni. N'chifukwa chake ku nyanja ya Malawi makoka a m'mbali amaletsedwa kwa kanthawi kuyambira mu Novembala, kuti chambo chiswane. Mukakola yonenepa kukhosi, mukaitsegula kukamwa n'kuona timazira tachikasu, ibwezereni msanga. Ndi makumba anu a Malichi amenewo. Za maneti a udzudzu sindinena zambiri, tonse tikudziwa chimene amachita m'damu laling'ono.

Zimene mwagwira musaziunjike m'jumbo padzuwa. Kutentha kuno zimafewa musanafike kunyumba. Tumbulani pomwepo, wazani mchere, kulungani m'thumba lonyowa muike pamthunzi.

Loweruka likubwerali yesani chonchi: mufike 3 koloko masana, mukhale kumbali yomenya mafunde kapena polowera madzi, nyambo ikhale nyongolotsi yomwe ija, yolendewera osapitirira mita imodzi, madeya asiyeni kunyumba. Dzuwa likamalowa musinthe mbedza muyese mlamba. Mukabwerako mutiuze kuti chikhatho chinasowa pati, komanso thope la pakuya paja likununkha bwanji.