Kodi ongoyamba kumene tchesi azidalira misampha?

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimayang'anira kalabu ya tchesi pasukulu yathu ya pulayimale. Ana ena aphunzira njira yogonjetsera anzawo atangosuntha kanayi kokha, ndipo tsopano safunanso kumva china chilichonse. Kodi ndiwaletse, kapena ndiwasiye popeza akupambana?
Mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, musawaletse kuidziwa misampha, koma musawalole kuti aziidalira. Msampha umene anawo akutchera ndi wakalekale, ndipo umayenda motere (pa nambala iliyonse woyamba kusuntha ndi wa zoyera, kenako wa zakuda; e4 kapena f7 ndi mayina a malo pabolodi; K ndi mfumu, Q mfumukazi, B bishopu, N hatchi, x kudya, + kuopseza mfumu, ndipo popanda chilembo chachikulu pasuntha pawn, kamsilikali kakang'ono): 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Qxf7, basi masewera athera pomwepo. Umagwira chifukwa poyamba masewera malo a f7 amatetezedwa ndi mfumu yokha, kotero mfumukazi ndi bishopu zikalunjika pamenepo, wosadziwa amangozindukira wagonja.

Vuto limaoneka tsiku limene mwanayo akumana ndi wodziwa. Wa zakuda akayankha 3...g6, mfumukazi imabwerera pa f3, iye n'kutseka njira ndi 4...Nf6. Tsopano taonani bwino zimene zili pabolodi. Wa zoyera wasuntha mfumukazi kawiri popanda phindu, waiika pamalo amene hatchi yake imayenera kukhala, pamene mnzake watulutsa mahatchi onse awiri, ndipo posachedwa imodzi idumphira pa d4 n'kuyamba kuipirikitsa mfumukaziyo. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri n'chakuti mwana wozolowera kupambana msanga amasowa chochita zikafika apa, chifukwa sanaphunzirepo kusewera masewera aatali.

Komabe si misampha yonse imene ili yoipa. Ilipo ina imene imabadwa yokha munthu akamasewera bwino. Chitsanzo ndi ichi: 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 Nf6 4.Bg5 Nbd7 5.cxd5 exd5. Wa zoyera akachita umbombo n'kudya ndi 6.Nxd5, poganiza kuti hatchi ya pa f6 singasunthe chifukwa ikutchinga mfumukazi, mnzake amayankha 6...Nxd5 7.Bxd8 Bb4+ 8.Qd2 Bxd2+ 9.Kxd2 Kxd8, ndipo powerengera amapezeka kuti wa zoyera wataya msilikali wamkulu mmodzi posinthana ndi pawn imodzi yokha. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale wa zoyera atauona msamphawo n'kuulambalala, wa zakuda sanataye kanthu, pakuti hatchi yake pa d7 ili pamalo oyenera kale.

Choncho phunzitsani anawo kudzifunsa funso limodzi asanatchere: kodi mnzanga akayankha molondola, ine nditsala pabwino? Yankho likakhala ayi, ausiye msamphawo.

José Raúl Capablanca wa ku Cuba, amene anali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, ankalangiza ophunzira kuti ayambe ndi mathero a masewera, ndipo ine ndimagwirizana naye ndi mtima wonse. Patulani tsiku limodzi loonetsa kalabu yonse msampha wa pa f7 ndi katetezedwe kake, kuti usagwirenso aliyense pasukulupo. Masiku otsatirawo apatseni mfumu ndi mfumukazi kuti agonjetse mfumu yotsala yokha, kenako mfumu ndi pawn imodzi, ndipo poyamba masewera aliwonse muziwakumbutsa kugwira pakati pa bolodi, kutulutsa mahatchi ndi mabishopu, ndi kubisa mfumu msanga.